Kampani yonditengera katundu ku Dar: ndemanga yanga mosapsatira

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti bwanji masiku ano sindikusowasowanso pa shopu koma katundu akungobwerabe, nde ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Nkhani ndi yoti ndinasiya kukwera basi kukapikula ndekha ku Dar es Salaam, pano ndimagwiritsa ntchito imodzi mwa makampani aja osonkhanitsa katundu wa anthu ambiri mu thiraki imodzi, ali ndi sitolo yosungira katundu kufupi ndi Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, komanso ina kuno ku Lilongwe. Dzina lawo sinditchula, chifukwa pali zina zomwe ndinene apa zosawakomera, komanso sanandipatse olo 50 kwacha kuti ndiwatsatsire malonda. Makampani oterewa alipo angapo ndipo kagwiridwe kawo ka ntchito nkofananako, nde zomwe ndinene zikuthandizani olo mutasankha ena.

Geni yanga ndi ziwiya za kukhitchini ndi za m'nyumba, mapoto, masefuliya, mafulasiki, ma hotpot aja amayenda kwambiri pa bridal shower ndi pa chinkhoswe, mbale, makapu, mabeseni ndi mabigili apulasitiki, pena ndimaphatikizako zitenje pang'ono. Shopu ndi yaing'ono, chipinda chimodzi ndi khonde, mu lokeshoni momwe muno, nde musaganize kuti ndikuyankhula ngati akuluakulu a ku Area 2 amene amaitanitsa ma container awoawo ku China kapena ku Dubai. Ndikuyankhula ndi anzanga amene mpamba wathu ukangogona mwezi umodzi lendi yavuta.

Amene munayendapo ulendo wa ku Dar pa basi mukuudziwa, sindikufuna kukulalikirani. Makilomita oposa 1,500 kupita kokha, kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Kasungu, Jenda, Chikangawa, Mzuzu, kutsika Chiweta mtima uli m'mwamba, Karonga, kuwoloka pa Songwe, kenaka Tukuyu, Uyole, Makambako, Iringa, phiri la Kitonga, Mikumi, Morogoro, kukafika ku Dar miyendo itatupa ngakhale nsapato osalowanso. Koma chomwe ambiri sitiwerengera ndi mtengo weniweni wa ulendo umenewu. Timangowerengera tikiti ya basi ndi lodge basi. Nanga chakudya, nanga onyamula katundu kuchokera pa shopu ya ogulitsa kupita komwe wagona, nanga mawinga a ku Kariakoo amene amakuperekeza pa shopu iyi ndi iyo kenaka nkuikapo kawo pa mtengo iwe osadziwa, nanga za kondakita pa katoni iliyonse yolowa m'buti, nanga zomwe umaluza posintha ndalama pa boda uli ndi mantha kuti akupatsa zabodza. Ndipo chachikulu kuposa zonsezi ndi shopu yomwe wasiya m'manja mwa mwana wa pa shopu sabata yathunthu, ukabwera upeza wakongoza theka la lokeshoni chifukwa iye sangakanize amayi a kutchalitchi kwanu. Kenaka mu 2024 kumayambiriro kuja ntchito yosindikiza mapasipoti itaima, anzanga ena a geni omwe mapasipoti awo anali atatha anangokhala pakhomo, mashelefu akuuma, pomwe oitanitsa kudzera m'makampani ngati awa katundu wawo amalowabe.

Mmene zimayendera ndi awa ndi chonchi. Ukalembetsa amakupatsa chizindikiro chako, ka code ka zilembo ndi manambala, ndipo katoni iliyonse yako imalembedwa chimenecho ndi marker yaikulu mbali zonse. Pali njira ziwiri. Yoyamba, uli kale ndi wogulitsa wako ku Kariakoo amene umamudziwa, umagwirizana naye mtengo pa WhatsApp, iye amapakira nkukasiya makatoni ku sitolo ya kampaniyi, iwo amajambula zithunzi za makatoniwo ali pa sikelo nkukutumizira limodzi ndi lisiti yoti alandira. Yachiwiri, ulibe wogulitsa, nde ali ndi anyamata awo okagula, umawatumizira chithunzi cha chinthu chomwe ukufuna ndi kuchuluka kwake, iwo amazungulira msika nkukutumizira mitengo, ukavomera amagula nkuikapo komishoni yawo. Ine ndimagwiritsa ntchito kwambiri njira yoyamba chifukwa ogulitsa anga ndinawapeza kale nthawi yomwe ndimapita ndekha, ndipo ndinene pompano kuti amene simunapitepo ku Kariakoo olo kamodzi muli pa chiopsezo chachikulu chifukwa simudziwa ngati mtengo omwe akukuuzaniwo ndi wa pa holoselo kapena wadutsa m'manja atatu.

Thiraki imanyamuka tsiku lodziwika sabata iliyonse, ndipo ichi ndiye chinthu chomwe ndimawakondera koposa zonse. Osati kutchipa, chifukwa si otchipa, ndifikako. Koma kudziwa kuti ndikatumiza oda pofika tsiku lakuti, katundu wanga akwera thiraki ya sabata imeneyo, ndipo zinthu zikayenda bwino ndimutenga sabata yotsatira, kunasintha kagulidwe kanga konse. Kale ndikapita ku Dar ndimagula ngati sindidzabweranso, chifukwa ukawerengera mtengo wa ulendo umafuna buti idzadze kuti ulendowo upindule, nde umapezeka watenga madazeni a zinthu zomwe zimayenda pang'onopang'ono chabe chifukwa wogulitsa wakuchotsera pang'ono. Ukafika kuno mafulasiki ndi ma hotpot atha m'masabata awiri, makasitomala akubwerera pa khomo nkumakagula kwa neba, pomwe ma tray a magalasi okongola aja angokhala pamwamba pa shelefu kusonkhanitsa fumbi mpakana ulendo wina. Ndalama ili mu tray, kasitomala akufuna fulasiki, iwe ulibe pogwira.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti mumvetse chomwe ndikutanthauza, aliyense aikepo ake. Tinene kuti mpamba wanu ndi K4,000,000. Mukapita nokha nkuuthira wonse ulendo umodzi, phindu nkukhala 25 kwacha pa 100 kwacha iliyonse mutachotsa zonse, koma katunduyo nkutha pa miyezi iwiri, mwapanga K1,000,000 pa miyezi iwiriyo. Tsono mukamaitanitsa pang'onopang'ono kudzera mwa awa, phindu litsika, tinene lifike 20 pa 100 chifukwa cha zomwe akudulani, koma poti mukuitanitsa zokhazo zomwe zikuyenda, ndalama yomweyo ikuzungulira kamodzi pa mwezi, nde ndi K800,000 mwezi uno K800,000 mwezi wamawa, pa miyezi iwiri K1,600,000. Phindu pa katoni latsika koma phindu pa mwezi lakwera. Anzanga ambiri amakakamira pa mtengo wa katoni, amvekere "eee akudula awa, pa basi ndimalipira zochepa", osaona kuti ndalama yawo ikugona nthawi yaitali bwanji. Koma izi zimatheka ngati makasitomala alipo oti agule katunduyo mwachangu, ngati shopu yanu ili pamalo poti pamadutsa anthu atatu pa tsiku palibe thiraki yomwe ingakuthandizeni.

Tsono za mitengo yawo. Amalipiritsa potengera kukula kwa katoni kapena kulemera kwake, amasankha chomwe chikuwakomera pa ziwirizi, zomwe ndi mmene amachitira onyamula katundu kulikonse nde sindidandaula. Chomwe muyenera kudziwa ndi choti kwa ife a zapulasitiki izi zimapweteka, chifukwa mabigili ndi mabeseni ndi opepuka koma amadya malo. Ndinagwirizana ndi wogulitsa wanga kuti azilowetsa mabeseni aang'ono m'kati mwa aakulu, makapu ndi masipuni m'kati mwa mabigili, zivindikiro azimanga pazokha, kuti ndisamalipirire mphepo. Kungosintha kapakiridwe kokhako kunachotsa makatoni angapo pa oda iliyonse. A kampaniyi sangakuuzeni zimenezi, ndipo sindikuwada nazo, mphepo yanuyo ndi ndalama kwa iwo. Kulipira ndi kosavuta, Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, ndipo lisiti amatumiza pompopompo, apa pokha sindinavutikepo nawo.

Pomwe pali nkhani yaikulu ndi pa reti yosinthira ndalama. Inu mumalipira makwacha kuno, iwo amamulipira wogulitsa wanu ma shilingi ku Dar, nde reti amaika ndi iwo. Tonse tikudziwa mmene nkhani ya forex ilili m'dziko muno, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, dola pa banki nkukhala cha m'ma K1,700, koma wa geni yaing'ono kukapempha forex ku banki umangolembetsa nkumadikira, nde ambiri amathera kogula kunja kwa banki komwe mtengo wakhala ukufika powirikiza kawiri kapena kuposa. Nde sindikuyembekezera kuti kampaniyi indipatse reti ya pa banki, ayi. Chomwe chimandinyansa ndi choti reti yawo sailemba poyera. Umachita kufunsa, ndipo m'mawa akuuza ina, ukachedwa kutumiza ndalama mpaka masana akuti yasintha, ndipo chodabwitsa imasinthira mbali imodzi yokha, sindinamvepo akuti asisi reti yatsika tikubwezerani kenakake. Ndinafananizapo ndi mnzanga wina amene amaitanitsa nsapato kwa iwo omwewa tsiku lomwelo, iye anapatsidwa yabwinoko chifukwa oda yake inali yaikulu. Sizolakwika kuchotsera wogula zambiri, koma anene poyera. Phindu lawo lenileni ine ndikuona kuti lili pa reti osati pa thiraki, nde mukamafananiza makampani musangofunsa kuti katoni ndi zingati, funsani kuti ma shilingi 100,000 lero ndi makwacha angati, muwafunse onse ola lomwelo.

Za msonkho pa Songwe amayendetsa okha kudzera mwa clearing agent wawo, woyendetsa mapepala a katundu pa boda, ndipo iyi ndi mbali ina yomwe inandipepukitsira moyo. Amene munaimapo pa boda makatoni anu atatsitsidwa pansi, basi ikuliza hutala, anzanu okwera nawo akukuyang'anani ndi diso loipa chifukwa ndinu amene mukuchedwetsa ulendo, mukudziwa chomwe ndikunena. A MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikiza mayendedwe, pali duty, pali VAT, zina zili ndi excise, ndipo mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mlingo wake, komanso pali a MBS owona za miyezo pa katundu wina. Zonsezi agent amene amazichita tsiku ndi tsiku amazidziwa bwino kuposa ine. Koma apa pali msampha umene anzanga ambiri sauona. Mukapanda kunena chilichonse, katundu wa anthu onse mu thirakimo amalowa pa declaration imodzi, chikalata chouza a MRA za katundu amene akulowa, m'dzina la kampani kapena la agent, inu mumangopatsidwa ka lisiti ka kampaniyo kolembedwa kuti transport ndi duty zonse pamodzi. Kwa wogulitsa pa benchi mwina zilibe kanthu, koma ngati muli ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ku MRA, ndipo mukufuna kumakula, kumasapulaya ku ma lodge kapena ku sukulu, kapena tsiku lina kukapempha ngongole ku banki, mumafunika mapepala osonyeza kuti katunduyo analowa m'dzina lanu ndipo msonkho unalipidwa. Ine ndinachita kulimbana nawo kuti azindipatsa kope la declaration komanso azilekanitsa pa lisiti kuti ya thiraki ndi iyi ya msonkho ndi iyi. Anavomera koma monyinyirika, ndipo mpaka pano ndimachita kukumbutsa oda iliyonse. Ndipo kampani iliyonse yomwe ikukulonjezani mtengo wotsika modabwitsa nkumati za msonkho musadandaule tili ndi njira zathu, thawani, chifukwa thiraki ikagwidwa pa roadblock ndi katundu wosalembetsa bwino, amene agone m'manja mwa boma ndi makatoni anu, ndipo mwini kampaniyo foni azimitsa.

Kusweka kwa katundu ndiye pomwe ndimawapatsa mamalikisi otsika. Fulasiki ya galasi m'kati sufunika kuitsegula kuti udziwe, umangoigwedeza pafupi ndi khutu, ikamveka tsekeretsekere ngati muli mchenga basi yapita imeneyo. Tsiku lina ndinaima mu sitolo yawo nkumagwedeza imodzi imodzi katoni yonse pamaso pa mnyamata wawo, zingapo ndithu zinali zitasweka, ndipo katoniyo inali itaphwanyika ngodya imodzi moonekeratu kuti anaisanjikiza ndi chinthu cholemera, pamwamba pake panali mpaka chidindo cha mafuta akuda ngati panagona ma spare a galimoto. Chithunzi chomwe ananditumizira ali ku Dar chimaonetsa katoni yabwinobwino. Nde umboni unalipo, koma kuti andibwezere zinatenga nthawi yaitali, uyu akuti funsani abwana, abwana akuti tidikire a ku Dar ayankhe, mapeto ake sanandipatse ndalama koma anandichotsera pa mtengo wa thiraki ya oda yotsatira, ndipo anawerengera mtengo wogulira ku Kariakoo, osaphatikiza msonkho ndi transport yomwe ndinalipirira zinthu zoswekazo. Lamulo lawo ndi loti ukangotuluka pa geti ndi katundu basi, zosweka ndi zako, nde muzitsegula pompo olo mzere utalike bwanji, olo akuyang'aneni moipa. Pano katoni ya zosweka ndimauza wogulitsa aikulunge kawiri ndi kumanga ndi tepi yambiri, ndipo ndimalipira kaye kowonjezera kuti iikidwe pamwamba. Msewu wa M1 nawo mbali zina ngokumbika ngakhale akhala akuukonza, nde si zonse zomwe ndingawanenere iwo, koma kusanja katundu mu thiraki ndi ntchito yawo.

China chomwe chimanditopetsa ndi kukhala chete zinthu zikavuta. Zikamayenda bwino gulu lawo la pa WhatsApp limakhala la moto, zithunzi za thiraki ikupakira, thiraki yadutsa Iringa, thiraki yafika pa boda, ma emoji ali mbwee. Koma thiraki ikangowonongeka kapena ikakhala pa boda masiku owonjezera, zii, admin watseka gulu kuti asalembe wina aliyense, foni ikungoitana. Ine sindikwiya kuti thiraki yachedwa, magalimoto amawonongeka, dizilo amasowa, tonse tinaona mizere ya mafuta ya 2022 ndi ya kumapeto kwa 2024 mmene inalili. Ndimakwiya chifukwa chosandiuza, chifukwa nane ndili ndi kasitomala amene wandipatsa dipoziti ya ma hotpot a chinkhoswe cha mwana wake Loweruka, ndipo ndikadziwa Lachiwiri kuti katundu safika nditha kukagula ochepa mu town muno pa mtengo wokwera nkumukwaniritsa, koma kundiuza Lachisanu madzulo ndi kundiyalutsa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, nde pano sindilandiranso dipoziti pa katundu yemwe sanawoloke Songwe.

Pali zina zomwe si vuto lawo koma muyenera kuzidziwa chifukwa njira ya ku Dar yonse imadalira zimenezi. Amalonda a ku Kariakoo anatseka mashopu mu May 2023 komanso mu June 2024 pokangana ndi boma lawo pa nkhani za misonkho, ndipo masiku amenewo olo ukhale ndi kampani yabwino bwanji palibe chogula. Mu November 2024 nyumba yosanja inagwa ku Kariakoo komweko, anthu anafa, malonda mbali imeneyo anaima kaye. Mu April 2025 Tanzania inaletsa zokolola zochokera ku Malawi pobwezera chiletso chomwe boma lathu linaika pa katundu wina wolowa m'dziko muno, zinakambidwa nkutha pasanapite nthawi yaitali, ndipo ngakhale nkhaniyo inali ya zakumunda, aliyense amene anali ndi makatoni pa msewu mtima unali phaphapha. Phunziro lake kwa ine pa kayendetsedwe ka shopu linali loti zinthu zomwe ndi msana wa geni yanga, zomwe kasitomala akazipeza palibe amapita kwina osabweranso, ndizisunga zoonjezera za masabata angapo, ndipo zapulasitiki zina zomwe zimapangidwa konkuno ku Malawi ndizigula konkuno olo phindu lichepe, chifukwa sizifuna ma shilingi ndipo sizidikira boda.

Pa zitenje ndiye ayi, apa ndinawayesa ndipo sindidzabwerezanso. Anyamata awo okagula ndi achangu ndipo pa mapoto kapena mabigili salakwitsa chifukwa poto wa saizi yakuti ndi poto wa saizi yakuti. Koma chitenje chimafuna diso ndi dzanja. Pa chithunzi cha pa foni mtundu umaoneka wina, chikafika ndi wina, wobiriwira uja amakonda amayi kuno wasanduka wotuwa, ndipo nsaluyo ukaigwira ndi yopyapyala yodzadza ndi sitachi yoti ikachapidwa kamodzi yatha ntchito. Mnyamata wa ku Dar sangadziwe kuti maluwa akuluakulu akutiakuti kuno anatha fasho chaka chatha, kapena kuti mtundu wakuti anthu amauona ngati wa chipani nde sagula. Zomwezi ndikuganiza ndi za madiresi, zikwama, nsapato za amayi ndi mawigi. Nde ntchito ya kampani ngati iyi imakoma pa katundu wobwerezabwereza amene mukumudziwa dzina, saizi ndi wogulitsa wake, osati katundu wa fasho.

Chomwe sindinayembekezere ndi choti kugwira ntchito ndi awa kunandikakamiza kukonza m'shopu mwanga momwe. Thiraki yonyamuka sabata iliyonse ilibe phindu ngati sukudziwa choti uitanitse. Nde ndili ndi hardcover imodzi yomwe chinthu chilichonse chili ndi tsamba lake, zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati, ndipo pamwamba pa tsamba ndinalemba ndi bolopeni yofiira nambala yoti zikafika pamenepo ndiitanitse. Nambala imeneyi ndimaipeza powerengera zomwe ndimagulitsa pa sabata, kuchulukitsa ndi masabata omwe katundu amatenga kuti afike, nkuonjezerapo za sabata imodzi kuopa thiraki kuchedwa. Mwachitsanzo ngati mafulasiki amatuluka 10 pa sabata ndipo kuchokera pa oda mpaka kufika pa shelefu ndi masabata awiri, ndiye akatsala 30 ndatumiza kale uthenga ku Dar, osadikira kuti shelefu iyere. Loweruka madzulo tikatseka timawerenga ndi mtsikana wanga wa pa shopu zinthu zoyenda msanga zokhazokha, zinazo kamodzi pa mwezi. Ena amagwiritsa ntchito ma app a pa foni kapena Excel, zabwino ndithu, koma ndi kuthimathima kwa magetsi kuno ine hardcover sinandikhumudwitsepo. Ndipo mtengo wogulitsira ndimauika potengera reti ya lero yoti ndikagulirenso chinthucho, osati reti yomwe ndinagulira mwezi watha, apo ayi umagulitsa katoni yonse nkusangalala kuti wapindula kenaka ndalama yonseyo nkulephera kugula katoni yomweyo.

Tsiku lotenga katundu konzekani mtima. Sitolo yawo ya kuno ndi yaing'ono poyerekeza ndi makasitomala omwe ali nawo pano, thiraki ikafika pamakhala chipwirikiti, ma Sienta, akabaza a njinga zamoto, malole aang'ono onse pa geti limodzi, mtsikana mmodzi yekha ndi buku lake akufufuza ma code, anyamata akuponya makatoni kuchokera pamwamba ngati muli zovala zokhazokha. Bola kupita m'mawa kwambiri tsiku lotsatira thiraki itafika, anthu asanachuluke, umatha kutsegula makatoni ako modekha. Amakupatsa masiku ochepa aulere osungira, ukapitirira amayamba kuwerengera ya storage pa tsiku, zomwe ndi zomveka. Amathanso kukubweretsera pa shopu ukalipira, koma ine ndimakana chifukwa cha lamulo lija la pa geti, katundu akasweka pa njira ya kuchokera ku sitolo kwawo kudzafika kwanu mudzakangana mpaka kutopa. Mu November ndi December ndiye zimanyanya, makatoni amatsalira ku Dar chifukwa thiraki yadzadza ndipo amene amatsogozedwa ndi a maoda akuluakulu, nde katundu wa Khirisimasi ine ndimatumiza oda mu October, wa nyengo ya maukwati ndimayamba kuitanitsa anthu akangoyamba kugulitsa fodya ndi soya ndalama zikayamba kuoneka m'matumba.

Nde kodi ndingawalimbikitse anzanga? Eya, pa 10 ndingawapatse 7. Katundu wanga sanasowepo olo katoni imodzi, zomwe pa basi zinkachitika, tsiku lonyamuka amalisunga nthawi zambiri, ndipo za pa boda zinandichoka pamutu. Atatu ndawachotsera chifukwa cha reti yobisa, kuvuta pobweza zosweka ndi kuzimitsa mafoni zikavuta. Ngati mpamba wanu ndi wochepa kwambiri moti oda yanu ndi katoni imodzi kapena ziwiri, mwina bola kupikula konkuno ku holoselo kapena kuphatikizana ndi anzanu awiri atatu pa code imodzi, chifukwa ali ndi mtengo wotsikitsitsa womwe amadula olo katoni ichepe bwanji. Ngati mwakula moti mutha kudzadza thiraki kapena container nokha ndiye simukuwafuna awa, pezani transporter ndi agent wanu. Koma ife apakatikati, amene timagulitsa zinthu zomwezomwezo mwezi ndi mwezi, ndi amene tingapindule nawo.

Oda yoyamba musaikepo mpamba wonse, yambani ndi zinthu zosasweka zomwe mukuzidziwa mtengo wake, muone masiku omwe atenge ndi mmene akuyankhireni thiraki ili pa msewu. Musanatumize ndalama afunseni pa WhatsApp, osati pa foni yoyimba, kuti uthengawo utsale: reti ya lero ndi iti ndipo igwira mpaka nthawi yanji, msonkho uli m'kati mwa mtengo kapena ndi wapadera, declaration ituluka m'dzina la ndani, katundu akasweka kapena kusowa amabweza zingati ndipo pakatha masiku angati. Ndipo pitani mukaione ndi maso sitolo yawo ya kuno musanalipire, chifukwa pa Facebook pali masamba ambiri okhala ndi zithunzi za mathiraki a eni ake.